Ng'ona ndi Mtsinje Wobwerera Kumtunda

Kalekale, pamene nyama zinkayankhula, nsomba nazo zikadali ndi mawu, padangokhala Katumbu. Inu a kumbuyoko, tili tonse? Chabwino, ndamva.

Katumbu ameneyu ankakhala m'mphepete mwa mtsinje wa Shire, kumunsi kwa mathithi otsiriza, pamene madzi amatuluka m'miyala n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono ngati munthu amene watula katundu. Anali wamanyazi. Poyankhula ankayang'ana pansi. Pamsonkhano ankakhala kumapeto, pafupi ndi bango, kuti akafunsidwa kanthu angolowa m'madzi. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Chinyezi, choncho aliyense ankamuitana kuti make Chinyezi.

Chinyezi sanatengere mayi ake. Manyazi analibe ndi pang'ono pomwe.

Chaka china, madzi osefukira ataphwa, Katumbu anapeza Mkunga atatsekeredwa m'kathamanda. Mkunga mumamudziwa, nsomba yaitali ija, yoterera, yooneka ngati njoka. Pamtsinjepo panalibe womupatsa moni. Nsomba zinkati ndi njoka. Njoka zinkati ndi nsomba. Onse ankangogwirizana pa chinthu chimodzi, kuti si wakuno. Kathamandako kanali katatsala pang'ono kuuma, ndipo Mkunga anali atagona m'matope, msana uli padzuwa.

Akatumbu amadya mikunga. Izi tisabise. Komanso tsikulo Katumbu anali atakhuta. Izinso tisabise. Koma okhuta anali atadutsapo ambiri m'mawa umenewo, ndipo onse anangodutsa.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Katumbu, maso ali pansi.

"Monga mukuoneramu," anatero Mkunga.

Katumbu anakumba kangalande ndi manja ake, kuchokera pathamanda kukafika kumtsinje. Mkunga anatsetsereka n'kulowa m'madzi. Sanachulukitse mawu. Anangoti, "Ndaona," n'kumira.

Tsono pamchenga wa kutsidya pankagona Ng'ona. Anabadwira pamchenga umenewo, anakulira pomwepo, ndipo sanapiteko kutali kuposa pamlambe wa pokhota mtsinje. Komabe za mtsinje ankazidziwa zonse. Ankatero mwini wake.

"Ine sindisochera," ankatero Ng'ona. "Kwathu ndi kumene madzi akuchokera. Ndikaloza mphuno kumene madzi akundimenya, ndafika."

Ndipo zinali zoona, chifukwa posaka ankatsikira kumunsi, pobwerera ankakwera.

Tsiku lina Chinyezi anagwira mphende yake yoyamba. Anafuna pokhala kuti adye. Anaona chipika chili m'madzi osaya, n'kukwerapo. Anadya mphende ija, minga n'kumaiyala bwinobwino pamsana pa chipikacho. Atatha anapukutirapo manja. Kenaka anaona kuti chipikacho chili ndi diso. Analitseka ndi chala, kuti aone ngati litsegukanso.

Linatseguka.

Katumbu atamva kukuwa anawoloka. Anapeza Ng'ona ataponda mchira wa Chinyezi ndi phazi limodzi. Anagwada pamchenga.

"A Ng'ona, pepani. Ndi mwana."

"Ndaona kuti ndi mwana. Akanakhala wamkulu bwenzi nkhani itatha kale. Uyu ndi mafupa okhaokha. Akhala kuno, azindichotsa minga m'mano, anenepe. Akanenepa ndimudya."

"Amayi," anatero Chinyezi, "m'kamwa mwawo mukununkha."

"Khala chete, iwe," anatero Katumbu. "A Ng'ona, ndizikugwirirani nsomba tsiku lililonse."

"Nsomba ndimagwira ndekha."

"Nanga palibe tsiku limene mungandibwezere?"

Ng'ona anaseka. "Tsikulo lilipo. Tsiku limene mtsinje udzabwerere kumene wachokera, madzi n'kumakwera okha kumtunda, ubwere udzatenge mwana wako. A Mvuu, mwamva?"

Mvuu anali pafupi, maso ndi makutu okha ali pamwamba pa madzi. Sankakonda kuyankhula. Koma akayasamula, ng'ona zonse zinkakumbukira kuti zili ndi zochita kwina.

"Ndamva," anatero Mvuu. "Mwalumbira?"

"Ndalumbira. Pali mchenga uno umene ndinabadwirapo."

"Basi. Ndine mboni."

Katumbu anabwerera kutsidya kwake. Analowa m'bango, momwe palibe akanamuona, n'kuyamba kuimba chapansipansi:

Madzi, madzi, tacheukani,
Chinyezi wanga ali kwa eni.
Madzi, madzi, tacheukani.

Madzi sanacheuke. Koma pakati pa mizu ya bango panatuluka mutu wa Mkunga.

"Amake Chinyezi, ndamva zachitikazi. Anati chiyani? Ndiuzeni mawu ake enieniwo."

Katumbu anabwereza mawu aja.

"Anati mtsinje, kapena anati dooko lino?"

"Anati mtsinje."

"Kwathu umabwerera," anatero Mkunga.

Katumbu anaganiza kuti m'khutu mwalowa madzi. Anapukusa mutu, n'kufunsanso.

"Ndati kwathu umabwerera. Ine ndinabadwira m'nyanja yamchere. Kuno ndinakwera ndili kakang'ono ngati ulusi. Mtsinje wanu uno si wotsiriza. Kumunsi uko umathira mu Zambezi. Wa Zambeziwo ukayandikira nyanja umagawikana ngati zala za dzanja. M'zala zimenezo madzi amapita n'kubwera, amapita n'kubwera."

"Nanga bwanji simunanenepo zaka zonsezi?"

"Anandifunsapo ndani?"

Katumbu anayang'ana pansi.

"Ine ndikutsikira komweko," anatero Mkunga. "Nthawi yanga yobereka yakwana, ndipo kuno sindibweranso. Gwirani chinthu chimodzi. Mukakafika kumeneko musakakhulupirire mphuno, mukakhulupirire lilime. Kumene madzi akumveka mchere ndi kunyanja. Kumene mchere ukuchepa ndi kwanu."

Atatero anamira.

M'mawa mwake Katumbu anawoloka. Anafika pakati pa mtsinje n'kubwerera. Anawolokanso, anafika m'madzi osaya n'kubwerera. Kenaka anamva mawu a mwana wake akuchokera m'kamwa mwa Ng'ona, akuti, "Tatsegulani kwambiri, muno muli mdima." Apo anatuluka m'madzi n'kugwada pamchenga.

"A Ng'ona, munati mtsinje."

"Ndinatero."

"Mtsinje ndi wautali. Mwina ukubwerera kwina, ife osadziwa. Tiyeni tikaone."

Ng'ona anaseka mpaka Chinyezi anagwera panja, munga uli m'manja.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Mayi Mkunga."

"Chija chosadziwika ngati ndi nsomba kapena njoka? Ndiye iwe wakhulupirira?"

"Munati mtsinje," anatero Mvuu ali m'madzi. "Simunati pano."

Ng'ona anaganiza. Anali atamvapo kwa mbalame kuti nsomba za kumunsi ndi zonona. Anaonanso kuti paulendo mwana anenepa msanga.

"Chabwino," anatero. "Tiyenda mpaka pamene mtsinje wathera. Koma tikakafika madzi asanabwerere, ndikadya awiri. Mwana poyamba, mayi pambuyo."

"Mayi poyamba," anatero Katumbu.

"Chifukwa chiyani?"

"Ndisaone."

Mvuu anatulutsa mpweya m'mphuno, madzi n'kuwazika. "Mboni sitsala," anatero, n'kuyamba kutsogola.

Anayenda, anayenda, anayenda. Mvuu patsogolo, Ng'ona pakati Chinyezi ali pamsana, Katumbu pambuyo. Anadutsa magomo ofiira okhala ndi mauna a mbalame. Anadutsa migwalangwa yoima ngati anthu odikira bwato. Mapiri anatsala kumbuyo, dziko n'kukhala lathyathyathya.

Katumbu anali wamng'ono, ndipo dzuwa likafika pamutu manja ankalema. Sankanena. Koma nthawi iliyonse akayamba kutsalira, Mvuu ankaima pamchenga n'kunena kuti, "Bondo langa."

"Bondo lanu latani?" ankafunsa Ng'ona.

"Likupweteka."

Onse ankapuma. Madzulo ena Katumbu anaona Mvuu akuthamangitsa njati pamsipu, bondo lili bwinobwino. Anangomira, n'kukumba nyika, mizu yokoma ija ya kakombo, n'kuiunjika pamene Mvuu ankatulukira. Mvuu anadya.

Anafika m'dambo lalikulu, limene mtsinje umatayikamo. Kulikonse kunali gumbwa ndi bango, timifuleni tikulowa uku, tikutuluka uko, akakowa ataima mbuu ngati nsalu zoyanika. Pamenepo mwera unayamba kuomba kuchokera kumunsi. Katumbu anaimba:

Madzi, madzi, tacheukani,
Chinyezi wanga ali kwa eni.
Madzi, madzi, tacheukani.

Ndipo taonani, masamba oyandama anayamba kuyenda chokwera. Timafunde tonse tinaloza kumtunda. Katumbu anafuula.

"A Ng'ona, taonani! Akukwera!"

Ng'ona anayang'ana. Anatsitsa Chinyezi pamsana pa Mvuu, n'kumira. Anakhalitsa pansi. Atavuuka anati, "Ndi khungu lokha. Pansi akutsika monga mwa masiku onse. A Mvuu?"

Mvuu anamiza mutu, n'kuutulutsa. "Ndi mphepo," anatero.

Anapitirira.

Anayenda, anayenda, anayenda. Chinyezi anayamba kunenepa. M'mawa uliwonse Ng'ona ankamutsina m'nthiti n'kunena kuti, "Zikuyenda." Katumbu ankauza mwana wake kuti azidya pang'ono. Chinyezi ankavomera, n'kudya zonse. Komabe mutu wa nsomba iliyonse ankauponya kumchira kwa Ng'ona ngati wautaya, ndipo unkagwera pamene mayi ake ankasambira.

Anadutsa phiri lalitali loima lokha kumanzere. Kenaka bango linatseguka, ndipo mtsinje wa Shire unathira mu Zambezi. Madzi a mitundu iwiri ankayenda pamodzi osasakanikirana, ena akuda, ena ofiirira, ngati anthu oyenda njira imodzi osayankhulana. Pakati panali zisumbu za mchenga, zina zazikulu kuposa mudzi.

Ng'ona anaima. Anayang'ana uku, anayang'ana uko.

"Kutsidya kuli kuti?"

"Kulipo," anatero Mvuu.

"Ndikudziwa," anatero Ng'ona. "Ndimangofunsa."

Pamene mitsinje iwiriyo inkakumana, madzi ankapota. Katumbu anaimba:

Madzi, madzi, tacheukani,
Chinyezi wanga ali kwa eni.
Madzi, madzi, tacheukani.

Kamtengo kouma kanabwera kakuyandama. Kanafika pamenepo, kanatembenuka, n'kuyamba kukwera. Mphepo kunalibe.

"A Ng'ona, taonani! Lero si mphepo!"

"Tidikire," anatero Ng'ona.

Anadikira. Kamtengo kanakwera, kanakhota, kanabwera pomwe kanayambira. Kanakweranso, kanakhota, kanabweranso. Kenaka kanatsikira kumunsi osatsazika.

"Madzi amenewa sanabwerere," anatero Ng'ona. "Angoledzera. A Mvuu?"

"Akuzungulira," anatero Mvuu.

Anapitirira. Katumbu tsopano ankasambira mwakachetechete. Chimene anali nacho ndi mawu a Mkunga basi, munthu woti palibe anamufunsapo kanthu, ndiye palibenso ankadziwa ngati amanena zoona.

Anayenda, anayenda, anayenda. Tsiku lina mtsinje unagawikana pawiri. Anatsata dzanja limodzi. Nalonso linagawikana. Anatsata chala chimodzi, nachonso chinagawikana. Bango linatha. M'malo mwake munali mitengo yoima pamizu yake pamwamba pa matope, ngati anthu okwinya nsalu powoloka. Pansi pake tinsomba tinkayenda pamatope ndi zipsepse, maso ali pamwamba pa mutu.

"Nsomba za kuno zilibe mwambo," anatero Ng'ona.

Katumbu analawa madzi. Anamva mchere pang'ono.

Koma madziwo sankabwerera. Ankathamanga kutsika kuposa kale, ngati aitanidwa. Matope ankaonekera mbali zonse ziwiri. Patsogolo pankamveka phokoso lalikulu, losalekeza. Atakhota komaliza, mitengo inatha. Panali mchenga, ndipo kuseri kwa mchengawo kunali madzi opanda tsidya, thovu lili mbuu.

Ng'ona anakwera pamatope. Anatsitsa Chinyezi n'kumuponda mchira.

"Mtsinje watha," anatero. "Madzi sanabwerere. Unati mayi poyamba. Sendera."

Katumbu anatuluka m'madzi. Poti ankayang'ana pansi monga mwa chizolowezi chake, anaona chimene anzake sanaone. Pamatopepo panali kauna, pakhomo pake pataima Nkhanu. Anali ndi dzanja limodzi laling'ono, lina lalikulu kuposa thupi lake, ndipo lalikululo ankalikweza n'kulitsitsa.

Katumbu anagwada n'kuomba m'manja. "Zikomo eni mudzi. Muli bwanji, bambo?"

"Tili bwino, kaya inu alendo?" anatero Nkhanu.

"Pepani, ndifunse nawo. Madzi a kuno amabwerera?"

"Nanga azikagona kuti?"

"Abwera liti?"

"Mthunzi wa mtengo uwo ukafika pakhomo panga pano."

Katumbu anayang'ana. Mthunzi unali kutali.

"Zodikira sindinalonjeze," anatero Ng'ona. "Ndinati pamene mtsinje wathera. Sendera."

Pamenepo Katumbu anadzutsa mutu. Aka kanali koyamba kuti Ng'ona aone maso ake.

"A Ng'ona, tafika pamudzi pa eni. Mudya tisanapereke malonje?"

Malonje mumawadziwa. Mlendo akafika pakhomo, asanamwe ndi madzi omwe, amayamba wafotokoza kumene wachokera, mmene wasiyira kumudzi, ndi zimene waona m'njira.

"Ndi mwambo," anatero Mvuu. Anayenda pang'onopang'ono n'kudzagona pamatope, pakati pa Ng'ona ndi Katumbu. "Komanso bondo langa."

"Apereke msanga," anatero Ng'ona.

"Dikirani ndiitane a pabanja," anatero Nkhanu. Anakweza dzanja lija. Matope onse anayamba kuyenda. M'kauna kalikonse munatuluka nkhanu, kuyambira pamadzi mpaka kumizu ya mitengo.

Katumbu, amene moyo wake wonse sanayankhulepo pagulu, anatembenukira kwa nkhanu yoyamba.

"Muli bwanji, mayi?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Ndili bwino, zikomo. Ana ali bwanji?"

"Ali bwino. Wamng'onoyu ndi amene akufundula."

"Pepani. Muli bwanji, bambo?"

"Upereka moni kwa onsewa?" anafunsa Ng'ona.

"Ndidumphe uti?" anatero Katumbu.

Ng'ona anayang'ana nkhanu zija. Zonse zinamuyang'ana. Sanasankhe.

Moni unayenda. Unayenda mzere woyamba, unayenda wachiwiri. Nkhanu zina zogontha zinafuna kubwerezeredwa. Ina yokalamba inafotokoza za msana wake kuyambira pamene unayambira. Katumbu anaimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsanso funso.

Moni utatha, mthunzi unali usanafike. Katumbu anayamba malonje. Anayambira kumathithi. Anafotokoza mmene madzi amagwera pamiyala, ndi mmene amakhalira chete akafika kuchigwa. Anafotokoza magomo ofiira, migwalangwa, dambo la gumbwa ndi timifuleni take, kamodzikamodzi. Anafotokoza phiri loima lokha. Anafotokoza madzi a mitundu iwiri ndi kamtengo koledzera. Nkhanu zinkaomba m'manja, zikuti, "Ee. Ee. Kenako?" Zinali zisanamvepo kumene madzi awo amachokera. Zinkaganiza kuti amangotuluka m'mitengo.

Mawu a Katumbu anasasa. Manyazi ankamukwera ngati nyerere, ndipo madzi anali pafupi, oti n'kungolowamo monga ankachitira kwawo. Koma ankayang'ana mchira wa Chinyezi pansi pa phazi la Ng'ona, n'kupitiriza.

"Wafika pano," anatero Ng'ona. "Malonje atha."

"Sindinanene za bondo la a Mvuu."

"Linene," anatero Mvuu. "Ndi nkhani yaitali."

Katumbu anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Anali atatheratu. Anayesanso, panangotuluka mpweya. Ng'ona anadzuka, n'kuyamba kuzungulira Mvuu.

"Amayi," anatero Chinyezi, "mchira wanga wanyowa."

Onse anayang'ana pansi. Pamene panali matope ouma panali madzi. Mthunzi unali pakhomo pa Nkhanu. Nkhanu zonse zinatsazika mwaulemu, n'kulowa m'mauna, n'kutseka.

Mumfuleni muja madzi anali ataima chilili. Kenaka tsamba limodzi lachikasu linabwera kuchokera kunyanja. Linadutsa pamphuno pa Ng'ona, n'kulowera kumtunda. Pambuyo pake panabwera lina. Pambuyo pake thovu, tizitsotso, ndi gulu la tinsomba, zonse zikukwera.

"Ndi mphepo," anatero Ng'ona.

Mvuu anagwedeza khutu. "Kulibe."

"Ndi khungu lokha."

"Mirani."

Ng'ona anamira. Madzi a pansi anamukankha chammbuyo mpaka anakagunda muzu. Anavuuka matope ali kumaso.

"Akuzungulira. Tsamba lija libwera. Tidikire."

Anadikira. Tsamba silinabwere. Madzi anakwera m'mizu ya mitengo, anafika m'mawondo mwa Mvuu, anamiza makomo onse a nkhanu.

"Abwerera," anatero Mvuu. Ndipo anayasamula. Anayasamula pang'onopang'ono, mpaka mano onse anaoneka.

Ng'ona anayang'ana manowo. Anayang'ana madzi. Kenaka anati, "Mtenge. Ndiponso sananenepe bwino."

Chinyezi anasambira kupita kwa mayi ake. Ali pakati anacheuka. "A Ng'ona, dzino lakumapeto kumanzere likugwedera. Muzitafunira mbali inayo."

Katumbu anagwira mwana wake. Anamununkhiza mutu, anamuwerenga zala, anamuyang'ana mchira. Kenaka anatembenukira kunyanja kuja, kumene kunalibe wina aliyense wooneka, n'kunong'ona ndi kamawu kamene kanatsala.

"Mayi Mkunga, ndaona."

Tsono inakwana nthawi yobwerera kumudzi. Mifuleni inali yambiri, yonse yofanana, mitengo yake yofanana. Nkhanu anakwera pamuzu n'kufunsa ngati alendo akufuna wowaperekeza.

"Ine sindisochera," anatero Ng'ona. "Kwathu ndi kumene madzi akuchokera."

Analoza mphuno kumene madzi ankamumenya, n'kuyamba kusambira mwamphamvu. Madziwo ankachokera kunyanja.

"A Ng'ona!" anayesa kuitana Katumbu. Anayesadi, chifukwa sanali munthu wosunga mangawa. Koma mawu anali atatha pa malonje aja.

"Asiyeni," anatero Mvuu. "Sasochera."

Katumbu analawa madzi a mfuleni uwu, analawa a uwo. Anatsata kumene mchere unkachepa. Pamphambano iliyonse ankalawa, n'kusankha. Mitengo yoima pamizu inatha, bango linayamba, madzi anakoma. Paulendo wonse wokwerawo, bondo la Mvuu silinapwetekenso, kupatula pamene Chinyezi ankatopa.

Koma Ng'ona anasambira mpaka mafunde anamugubuduza ngati chipika chenicheni. Mchere unamulowa m'maso. Ali mkati movutika choncho, madzi anatembenuka n'kuyamba kumumenya kuchokera kumtunda. "Ehe," anatero, n'kuwatsata. Analowa mumfuleni wina. Anasambira, anasambira. Asanafike patali, madzi anaima, n'kutembenukanso. Nayenso anatembenuka. Madzulo anapezeka pamatope omwe aja.

"Mwaswera bwanji, alendo?" anatero Nkhanu.

Ng'ona anayang'ana kumbali.

M'mawa mwake zinali chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Ankadutsa pakhomo pa Nkhanu popita, ankadutsanso pobwera. Nkhanu ankakweza dzanja nthawi zonse. Njira ankaidziwa, ndipo akanamuuza. Ankangodikira kufunsidwa.

Tsiku lina Ng'ona anakwera pamchenga, pafupi ndi kauna kaja. Anatsegula pakamwa kuti afunse. Nkhanu anatchera khutu. Pakamwa panakhala chotsegula mpaka dzuwa linapendeka. Funso silinatuluke.

N'chifukwa chake mpaka lero mukaona ng'ona itagona pamchenga, kukamwa kuli yasa, musaganize kuti ikuwothera dzuwa. Ikufuna kufunsa njira. Ikungosowa poyambira.

Phunziro lake ndi ili. Zimene umaona padooko la kwanu si zonse zimene mtsinje umachita, choncho usalumbire pa chinthu chimene sunachitsate mpaka kumapeto. Ndipo mlendo amene aliyense akumudutsa, iwe umupatse moni, chifukwa mwina wachokera kumene iwe sunafikeko.

Nthano yanga yathera pamchenga pomwepo. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione isanapserere. Ine yanga ndaphula kale.